Mapiritsi M'kabokosi ka Ulusi

Maselo a m'matumbo sadziwa Lamlungu. Amafuna kudyetsedwa pakangopita masiku awiri, kaya kunja kuli ukwati kaya maliro, ndipo amene ankawadyetsa pa labu ina ya kafukufuku anali mtsikana yemwe anzake ankamutchula kuti Kachete. Dzinali silinabwere mwangozi. Unkatha kukhala naye chipinda chimodzi kuyambira m'mawa mpaka poweruka, n'kungomva mawu atatu: "Mwadzuka", "Pepani" ndi "Ndapita".

Lamlungu limenelo anafika ku ntchito atavala kale diresi yake yabwino, khoti loyera pamwamba. Anatulutsa timbale tapulasitiki m'kabati yofunda mmene maselowo ankakulira, nayamwa ndi kachubu timadzi takale, n'kuthiramo tatsopano tofiirira. M'timbale tina anadonthezamo mankhwala otsitsa kolesitero, mafuta aja amene amatseka mitsempha ya magazi. Tina anatisiya topanda mankhwala kuti adzafananitse. M'chipinda monsemo munali zii, kupatula kulira kwa firiji.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali chibwenzi chake, Wamagetsi.

"Uli pati? Amayi aphika kalekale."

"Zatsala mbale zisanu ndi imodzi."

"Ana akowo sangadikire tsiku limodzi?"

"Akhoza kufa."

"Inenso ndikhoza kufa kuno. Akundiyang'ana ngati ndinachita kukupeka."

Kachete anamwetulira yekha. Mwamuna ameneyu anabwera chaka chatha kudzakonza kabati yofundayo itazima. Anaikonza m'mphindi makumi awiri, koma anabweranso katatu kudzaona ngati ikuyaka bwino, kabati yoti sinkadwala chilichonse. Ulendo wachinayi anaulula kuti wodwala anali iyeyo. Lero ndiye linali tsiku lokamuonetsa kwa makolo, ndipo Kachete anali atachedwa kale ndi ola lathunthu.

*

Amayi ake a Wamagetsi anamulandira ndi nsonga za zala.

"Ndinu amene mumagwira ntchito ya matumbo?"

"Maselo a m'matumbo, amayi."

"Ngakhale Lamlungu?"

"Nthawi zina."

"Ooo. Ndiye banja mudzalidyetsa tsiku liti?"

Alongo ake awiri a Wamagetsi anabisa kuseka m'makapu a tiyi. Kukhitchini kunatuluka mtsikana wina atanyamula mbale, akuyenda ngati munthu wodziwa pamene pamakhala mpeni ndi mchere m'nyumbamo. Anali Namwino, mwana wa pa nyumba yoyandikana nayo, yemwe ankabwera sabata iliyonse kudzawayeza magazi bambo ake a Wamagetsi. Wamagetsi ankamutchula kuti mlongo. Mmene Namwino ankanenera kuti "achimwene", ngakhale wogontha akanamva kuti apa ulongo panalibe.

Atadya, akazi onse analowa m'khitchini osamuitana, Wamagetsi natumidwa kukaona babu la kubafa. Kachete anatsala pabalaza yekha, manja ali pamaondo. Anazolowera kutsala choncho. Kwawo anali mwana mmodzi yekha, makolo anapita kale, ndipo chipinda chake cha lendi chinali ndi mpando umodzi chifukwa wachiwiri sunkafunika.

"Adokotala, bwerani kuno. Musakhale ngati katundu woiwalika m'basi."

Anali bambo, akuitana kuchokera m'kachipinda ka kumbuyo. Anali telala wopuma ntchito. Zaka ziwiri zapitazo mtima unawagwetsa pakati pa msewu, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumbamo ankawasunga ngati dzira: mchere ayi, mafuta ayi, makina osokera kungowayang'ana.

"Sindine dokotala, bambo. Ndimangogwira ntchito mu labu."

"Khoti loyera mumavala?"

"Ndimavala."

"Basi, ndinu adokotala. Khalani apa. Tandiuzani, m'matumbomo mumafunamo chiyani?"

Palibe munthu anali atamufunsapo funso limeneli. Ngakhale Wamagetsi ankangoti "ana ako" n'kuseka. Ndiye Kachete, yemwe mawu ankachita kumugula, tsiku limenelo anamasuka ngati mpopi woiwala kutseka.

Anawauza kuti m'selo lililonse muli majini, malangizo onse a thupi, koma si onse amene amagwira ntchito nthawi imodzi. Ena amakhala maso, ena ali mtulo. Mankhwala otsitsa kolesitero amaletsa selo kupanga mafuta akeake. Selo likaona kuti mafuta achepa, silingokhala: limadzutsa majini ena kuti alithandize. Iye ankawerenga kuti adzuka ndi ati, agona ndi ati.

"Ndiye mwapeza zotani?"

"M'mbale zanga, pakati pa majini odzukawo pali ena amene amatsegula timakomo ta selo, tolowetsa mafuta ochokera m'chakudya."

Bambo anavula magalasi. "Imani kaye. Mankhwala ake ndi ngati amene ndimamwa ine?"

"Mtundu wake ndi womwewo."

"Ndiye ine ndikumwa zochotsa mafuta, matumbo ali kalikiliki kutsegula makomo kuti mafuta alowe?"

"M'mbale zanga, inde, pang'ono. Koma m'thupi muli chiwindi, ndipo..."

"Nthawi ya piritsi, bambo." Namwino anali pakhomo, kapu ya madzi ili m'manja. Kumbuyo kwake amayi anali akunena kuti alendo ochokera kutali asachedwe, mabasi amavuta Lamlungu. Kachete anaimirira, "koma" wake uja atatsala m'kamwa.

*

Milungu inatsatana. Wamagetsi sanasinthe mawu, koma mauthenga ake anayamba kufupika. Kale ankalemba nkhani yonse ya tsiku lake, mpaka galu amene anamuuwa pa nyumba ya kasitomala. Tsopano zinali "Wadzuka?" m'mawa ndi "Tsiku labwino" masana.

"Amayi akuti chiyani za ine?" anamufunsa tsiku lina.

"Apatse nthawi."

"Limenelo si yankho."

"Akuti ndiwe wophunzira kwambiri."

"Kumeneko ndi kuyamikira?"

Yankho linabwera patapita maola atatu: kankhope koseka, basi.

Kachete ankaweruka, kukwera basi, kuphika za munthu mmodzi, kutsuka mbale imodzi. Anali wosungulumwa, ndipo kusungulumwa kwa munthu amene ali ndi chibwenzi kumapweteka kuposa kwa amene alibe, chifukwa foni imakhala pafupi koma siilira. Chomwe chinkamutonthoza chinali chimodzi: m'nyumba ija munali munthu mmodzi amene anamupatsa mpando.

Lachitatu lina masana, mlonda wa pa geti anamuitana. Kunali bambo achikulire ofuna kuonana ndi adokotala.

Anali bambo ake a Wamagetsi. Anawapeza ataima pansi pa mtengo, atavala jekete yosita bwino, phukusi lili m'khwapa.

"Ndathawa," anatero akuseka. "Akuganiza kuti ndili kometa. Landirani, ndakusokerani. Khoti lanu lija mwana wanga akuti manja ake ndi aatali."

Linali khoti loyera, losokedwa mwaluso, matumba awiri akuluakulu kutsogolo. Kachete anamva misozi ikubwera.

"Bambo, mwadzivutitsiranji?"

"Ndikuthokoza. Miyendo inkandiwawa usiku ndi usana, lero ndayenda kuchokera pa siteji osapuma. Milungu isanu ndi umodzi tsopano chisiyireni mapiritsi aja."



"Mwasiya?"

"Ndimalandira, ndimaika m'kamwa, akatembenuka ndimalavulira m'dzanja. Si inu munandiuza kuti amatsegula makomo?"

"Sindinamalize, bambo. Zija ndi za m'mbale. Maselo anga ali okha, alibe chiwindi, alibe magazi, alibe mtima. M'thupi chiwindi chimakoka mafuta ambiri kuwachotsa m'magazi, kuposa amene angalowe pa timakomo tija. N'chifukwa chake mafuta amatsika. Kwa munthu amene mtima unamugwetsapo, kusiya ndi kuika moyo pa ngozi. Za miyendo kawauzeni adokotala enieni, akhoza kukusinthirani mtundu wina."

Bambo anamuyang'ana mwachifundo, ngati munthu amene wamva mwana akubwereza zoloweza kusukulu.

"Tsiku lija munalankhula zochokera mumtima. Lero mukulankhula ngati Namwino."

"Zonsezi ndi zoona, bambo. Ndi nkhani imodzi."

"Ndakumvani. Koma chinthu chimodzi, mwana wanga." Apa anatsitsa mawu. "M'nyumba muja aliyense amandiona ngati wodwala. Iwe wekha unandiona ngati munthu. Usandiulule. Ukandiulula, adzandilanda ngakhale makina aja."

Anali asanamutchulepo kuti "iwe". Kachete anagwira njakata. Sanavomere, koma sanakanenso, ndipo bambo anatenga chete ameneyo ngati lonjezo.

*

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Mlomo wa Kachete unamutsata mpaka m'chipinda chake cha mpando umodzi. Akaulula, ataya munthu yekhayo amene anali mbali yake, ndipo banja lonse lidziwa kuti mawu ake ndi amene anasiyitsa bambo mankhwala. Akakhala chete, tsiku lina foni idzalira ndi uthenga umene sadzaukhululukira moyo wake wonse.

Analemba kwa Wamagetsi: "Pali nkhani yokhudza bambo." Anafufuta. Analembanso: "Tikumane, n'zofunika." Imeneyi anatumiza.

Anakumana Loweruka pa kamalo komwera tiyi pafupi ndi siteji. Kachete anali atakonza mawu ake bwinobwino m'basi. Koma Wamagetsi atangoika foni patebulo, inawala, ndipo uthenga unaoneka wonse: "Achimwene, jekete yanu mwaiiwala kwathu. Ndaichapa."

"Kwathu kwa ndani?"

"Kwa Namwino. Ndinkakonza soketi."

"Soketi imakonzedwa utavula jekete?"

"Kunkatentha."

"Wabwererako kangati kukaona ngati ikuyaka bwino?"

Wamagetsi anakwinya nkhope. "Ukuyamba zimenezo? Mtsikana uja amasamala bambo anga popanda kulandira kanthu. Sabata iliyonse amakhalapo. Iwe wabwerako kamodzi, mochedwa."

"Sindinaitanidwenso."

"Munthu wofuna banja sadikira kuitanidwa."

Mawu amenewa anamulasa Kachete. Akanatha kunena pamenepo, koma mkwiyo ndi manyazi zinamuletsa. Akanayamba bwanji? Kuti mtsikana amene ukumuyamikirayo akupereka mapiritsi amene akuthera m'dzanja, chifukwa cha ine?

"Nkhani yofunika ija ndi iti?" anafunsa Wamagetsi.

"Ndaiwala."

Anasiyana pa siteji osagwirana dzanja.

Kachete anaimbira bambo katatu m'masiku otsatirawo, kuwachonderera. Ulendo woyamba bambo anaseka. Wachiwiri anamufunsa ngati khoti likumukwana. Wachitatu anayankha akupuma mwabefu, nati angokwera masitepe, si kanthu. Kupuma kumeneko n'kumene kunathetsa mantha a Kachete. M'mawa mwake anapempha chilolezo ku ntchito, nakwera basi yopita kwa makolo a Wamagetsi, atatsimikiza kuti anene zonse, ziwawe zisawawe.

*

Anachedwa ndi theka la ola.

Chitseko chinali chotsegula. Pabalaza panali banja lonse: amayi ataima, alongo awiri pampando wautali, Wamagetsi atatsamira khoma ndi zovala zake za ntchito. Patebulo panali kabokosi ka makina osokera, kaja kosungiramo ulusi ndi mabatani, ndipo pakati pa ulusiwo panali mapiritsi oyera ambirimbiri, ena atanyenyeka. Namwino ndi amene anawapeza. Batani la yunifolomu yake linathothoka pamene ankawayeza bambo, iye n'kutsegula kabokosiko kufuna singano.

Bambo anali pampando wawo, atapinda manja, nkhope ili ndwii. Patsogolo pawo panali kapu ya madzi ndi piritsi limodzi m'kambale.

"Mwafika bwino," anatero amayi. "Timati tikutumizireni uthenga. Bambowa akuti adokotala anawauza kuti mankhwalawa ndi oipa. Ife adokotala a kuchipatala timawadziwa. Enawa ndi ati?"

"Sindinanene kuti ndi oipa, amayi."

"Koma munanenapo kanthu."

"Ndinawafotokozera za ntchito yanga. Sindinamalize."

"Kuti asiya kumwa mumadziwa?"

Kachete anayang'ana Wamagetsi. Iye anali akumuyang'ana kale, maso akupempha kuti akane.

"Ndimadziwa."

"Kuyambira liti?" Funsoli linachokera kwa Wamagetsi.

"Masiku asanu ndi anayi apitawo."

"Ndiye Loweruka lija unkadziwa. Unakhala nane pa tebulo limodzi, n'kumandifunsa za jekete."

Kachete anangoti zyoli.

Namwino anagwada pafupi ndi bambo, mawu ake ali ofewa ngati a munthu amene wapambana kale. "Bambo, magazi anu akwera, kapumidwe kanu sikakundisangalatsa. Imwani ili, kenako tipite kuchipatala akakuoneni."

"Sindimwa."

"Bambo a ana, mukufuna kundisiya wamasiye?" Mawu a amayi ananjenjemera, ndipo kwa nthawi yoyamba Kachete anaona kuti ukali wonse uja unali mantha.

"Nonsenu mumandinamiza chifukwa mumandikonda," anatero bambo. "Mchere mumati watha uli m'kabati. Mwana uyu yekha ndi amene sanama. Anene yekha, ndimva." Anatembenukira kwa Kachete. "Makomo aja amatseguka kapena satseguka?"

"Bambo, chiwindi..."

"Za chiwindi ndinamva kale. Ine ndine telala, ndimadziwa nsalu yosokedwa pofuna kubisa pong'ambika. Ndiyankhe mawu amodzi. Zimene unandiuza m'chipinda muja, zinali zoona kapena ayi?"

Kachete anaona bwinobwino pamene anaima. Zaka zitatu za ntchito yake zinali m'yankho limenelo, ndipo zinali zoona. Akati inde, bambo apinda manja mpaka tsiku limene mtima udzawagwetsenso. Choona chathunthu anachipereka kale kanayi, koma bambo ankangotola theka limene linawakomera. Anayang'ana milomo yawo, yomwe inali itayamba kuuma, ndi chifuwa chikukwera ndi kutsika mofulumira.

"Sizinali zoona, bambo. Ndinanama."

"Unanama?"

"Ndinkafuna kuoneka wanzeru pamaso panu. Palibe makomo amene amatseguka. Imwani mankhwala."

Bambo anamuyang'ana. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ndipo Kachete akanakonda mkwiyo. Anatambasula dzanja pang'onopang'ono, natola piritsi, nameza, n'kutsegula kukamwa kuti onse aone, ngati mwana wa sukulu.

"Zikomo, mayi," anatero, osamuyang'ananso. "Mwandiphunzitsa."

Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, natembenukira kwa mwana wawo. "Wadzimvera wekha. Sindinanene ndine. Munthu wonamiza wodwala kuti aoneke wanzeru, n'kubisa masiku asanu ndi anayi. Ameneyu ndiye ukufuna adzatisunge tikakalamba?"

Wamagetsi anatenga makiyi a galimoto ya ntchito, nathandiza bambo kuimirira. Namwino anawagwira mkono winawo. Anadutsa pafupi ndi Kachete atatuwo, ndipo iye anachita kusuntha kuti awapatse njira. Palibe anamuuza kuti akwere nawo, palibenso anamuuza kuti apite. Anatuluka yekha, natseka geti bwinobwino monga anaphunzitsidwira kwawo.

*

Basi inali yodzaza, koma iye ankamva ngati ali yekha m'menemo. Mayi wina pafupi naye ankakalipira mwana wake pa foni chifukwa cha nsapato zotayika, ndipo Kachete anamusirira mwanayo. Sanalire. Anali atapulumutsa munthu, ndipo mtengo wake unali munthu yemweyo, pamodzi ndi mwana wake.

Anatsika, nayenda mpaka ku chipinda chake dzuwa likadali pamutu. Anakhala pa mpando wake, foni ili pamwendo. Ola limodzi linadutsa, lachiwiri linatsatira. Kenako foni inanjenjemera. Unali uthenga wa Wamagetsi.

"Adokotala awaona. Akuti tabwera nthawi yabwino. Awasinthira mtundu wina chifukwa cha miyendo."

Kachete anatseka maso, napuma kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Anayamba kulemba kuti wathokoza, koma uthenga wina unalowa asanamalize.

"Ndakhala ndikuganiza. Kupatula Loweruka lija, chaka chonse sunandinamizepo, ngakhale pa zazing'ono. Ndikakufunsa ngati malaya akundikhala, umati ayi."

Mwina anamvetsa. Mwina mwa anthu onse aja, mmodzi anaona chimene iye anachita. Kachete anaona timadontho tosonyeza kuti Wamagetsi akulembabe, tikuyamba, tikusiya, tikuyambanso.

"Ndiye ndiuze. Unanama liti, tsiku lija m'chipinda mwa bambo kapena lero? Ukati tsiku lija, ine ndi iwe tathera pompa, sindingakwatire munthu wotero. Ganiza bwino usanayankhe. Bambo ali pambali panga, mankhwala atsopano ali m'manja mwawo, ndipo akuti foni ndiwapatse awerenge okha yankho lako."